Lipoti la kaleredwe likakutsutsani, nthawi yodandaula si tsiku la chigamulo

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo ndiyamba ndi kubwereza mwachidule zimene mwalemba kuti tione ngati tamvana. Mumakhala ku England. Mwana wanu wamkazi wa zaka 3 anachotsedwa m'manja mwanu atapezeka ndi zipsera zimene bambo ake anamusiya nazo pomumenya, ndipo ngakhale kuti bamboyo munasiyana naye, mwanayo akusungidwabe ndi banja lina pansi pa lamulo longoyembekezera lotchedwa interim care order. Mlandu uli m'sabata ya 15. Social worker wa khonsolo ya dera lanu, ndiye kuti wogwira ntchito yoona za chisamaliro cha ana, anachita kauniuni wa kaleredwe kanu, amene iwo amamutcha parenting assessment, ndipo lipoti lake likuti simungathe kuteteza mwanayo. Mukuti pa misonkhano yonse panalibe womasulira, mafunso ambiri munkangovomera chifukwa simunkawamvetsa bwino, ndipo lipotilo latenga kuwerama kwanu ndi kusayang'ana munthu m'maso ngati chizindikiro chakuti mukubisa zinthu. Amalume anu akulangizani kuti mudekhe, zonse mukazinene pamaso pa woweruza tsiku lomaliza. Funso lanu ndi lakuti: kodi khoti lingalamule kuti kauniuni achitikenso?

Lingathe kutero, koma silikakamizidwa, ndipo mwayi wanu ukucheperachepera sabata iliyonse imene mukutsatira malangizo a amalume anuwo. Sindikukayika kuti akukufunirani zabwino. Kwathu timati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa bwalo la amfumu munthu amadikira kuti apatsidwe mpata kenako n'kufotokoza nkhani yake kuyambira pachiyambi. Khoti la mabanja la ku England siliyenda choncho. Pa zaka zimene ndakhala ndikugwira milandu ya mtundu umenewu, chimene ndachiona chikugwetsa makolo kawirikawiri si kuipa kwa lipoti, koma kuchedwa kulitsutsa.

Chifukwa chake chili m'malamulo amene anasinthidwa mu 2014. Lamulo la Children and Families Act la chaka chimenecho linaika m'gawo 32 la Children Act 1989 malire akuti mlandu wofuna kulanda mwana uthe pasanathe masabata 26. Khoti likhoza kuwonjezera nthawi, koma osapitirira masabata 8 pa kuwonjezera kulikonse, ndipo liyenera kufotokoza chifukwa chake. Lamulo lomwelo la 2014, m'gawo 13, komanso m'ndime zimene linawonjezera ku gawo 38 la lamulo la 1989, linati khoti lisalole umboni wa katswiri kapena kauniuni wina pokhapokha litakhutira kuti n'zofunikiradi kuti mlandu uweruzidwe mwachilungamo. Kale kunali kokwanira kuonetsa kuti kauniuniyo angathandize. Masiku ano sikokwanira. Pa mlandu wa Re H-L mu 2013, khoti la apilo linafotokoza kuti liwu lakuti "kufunikira" likutanthauza chinthu choposa kungokhala chothandiza, chanzeru kapena chosiririka, ngakhale kuti silifika potanthauza chinthu chimene popanda icho palibe chingachitike. Kholo limene likupempha kauniuni wachiwiri liyenera kudumpha mpanda umenewo.

Tsono msampha weniweni ndi uwu. Malamulo oyendetsera milandu ya mabanja, Family Procedure Rules 2010, m'chigawo 25, amanena kuti pempho la katswiri liperekedwe mwamsanga, ndipo lisachedwe kupitirira tsiku la msonkhano wa khoti wotchedwa Case Management Hearing, umene umachitika pakati pa tsiku la 12 ndi la 18 kuchokera pamene mlandu unalowa m'khoti. Inu muli m'sabata ya 15, ndiye kuti tsiku limenelo linadutsa kalekale. Khomo silinatsekedwe kotheratu, chifukwa khoti lili ndi mphamvu yolandira pempho lochedwa, ndipo muli ndi chifukwa chomveka, chakuti zolakwika za kauniuni woyamba sizikanadziwika iye asanachitike. Koma chifukwa chimenecho chimagwira ntchito pokhapokha ngati mwadandaula mutangoona vutolo. Werengani nokha masabata. Social worker woima payekha, amene sali wa khonsolo, kawirikawiri amafuna miyezi iwiri kapena itatu kuti amalize ntchito yake. Mukapempha panopa, lipoti lake likhoza kufika mlandu uli pafupi ndi sabata ya 26, ndipo woweruza angaone kuti kuchedwako n'kopiririka. Mukapempha pa msonkhano wa Issues Resolution Hearing, umene khoti limachita mlandu womaliza usanafike kuti lione mfundo zimene zatsala, kapena tsiku loyamba la mlandu womaliza monga amalume akufunira, mudzakhala mukupempha khoti kuti liphwasule ndondomeko yonse, mwana wa zaka 3 adikire miyezi ina osadziwa kumene adzakulire. Gawo 1 la Children Act 1989 limanena mosabisa kuti kuchedwa kugamula nkhani ya mwana kumatengedwa kuti kumamuvulaza mwanayo. Woweruza adzayeza kuchedwako ndi phindu la kauniuni watsopano, ndipo pempho lofika mochedwa limayamba lili kale mopepuka pa sikelo.

Ndikukumbukira bambo wina amene anabwera kwa ine mlandu wake uli m'sabata ya 23. Chingelezi chake chinali chokwanira kugwirira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu, koma chosakwanira kukambirana za mmene mwana amamvera mumtima akamaona makolo akumenyana. Atafunsidwa pachiyambi ngati akufuna womasulira, anakana chifukwa cha manyazi, ndipo social worker analemba kuti wakana. Pa misonkhano yonse yotsatira ankagwedeza mutu. Sanalembe kalata, sanauze loya wake woyamba, sanauze ngakhale woimira mwana, munthu amene khoti limamuika kuti aziyang'anira zofuna za mwanayo pa mlandu. Pamene tinkapereka pempho lathu, loya wa khonsolo anangoimirira n'kuwerenga chiganizo chimodzi cha m'lipoti chakuti bamboyo anapatsidwa mwayi wa womasulira koma anaukana. Woweruza anavomereza kuti mwina bamboyo sanamvetse zonse, koma anati palibe cholembedwa chilichonse choonetsa kuti anadandaulapo pa nthawiyo, ndipo mwana wakhanda sangadikirenso miyezi itatu. Sindinganene kuti tikanapempha msanga bamboyo akanapambana mlandu, chifukwa panalinso zina zomutsutsa. Chimene ndinganene n'chakuti sanapeze mpata woti amvedwe m'chinenero chake, ndipo mpatawo unatayika m'masabata amene anakhala chete.

Zimandikhumudwitsa kuti ogwira ntchito ena a khonsolo amafunsa funso la womasulira kamodzi, pakhomo, kholo lili ndi mantha, kenako n'kulitenga yankholo ngati chikopa chodzitetezera mpaka mlandu utatha. Munthu amene wakhala maola ambiri ndi mayi amene akuyankha funso lililonse ndi liwu limodzi ayenera kuzindikira yekha kuti pali vuto. Komanso si chinsinsi kuti m'miyambo yambiri ya ku Africa kuyang'ana munthu waudindo m'maso ndi mwano, ndipo wochita kauniuni amene sanafunse tanthauzo la kuwerama kwanu sanagwire bwino ntchito yake. Koma kukhumudwa kwanga sikungakuthandizeni m'khoti. Chimene chingakuthandizeni ndi pepala lokhala ndi deti.

Choncho sabata ino, osati yamawa, khalani pansi ndi loya wanu pamodzi ndi womasulira Chichewa, muwerenge lipotilo ndime ndi ndime. Pa ndime iliyonse musiyanitse zinthu zitatu: pamene zalembedwa si zoona, pamene munayankha musanamvetse funso, ndi pamene zalembedwa n'zoona koma zatanthauziridwa molakwika. Loya wanu alembe kalata ku khonsolo ndi kwa woimira mwana wochokera ku bungwe la Cafcass, amene amatchedwa children's guardian, yofotokoza zolakwikazo, ndipo apemphe zolemba zonse za misonkhano ya kauniuniyo. Kenako apereke pempho la katswiri pansi pa chigawo 25 cha malamulo oyendetsera milandu aja. Pempholi silingakhale dandaulo chabe. Liyenera kutchula dzina la social worker woima payekha amene mukumufuna, maphunziro ndi luso lake, tsiku limene angapereke lipoti, mtengo wake, mafunso amene adzayankhe, komanso chifukwa chimene umboniwo sungaperekedwe ndi social worker wa khonsolo kapena woimira mwana. Mfundo yomalizayi ndi imene mapempho ambiri amagwerapo. Woweruza adzafunsa kuti, popeza woimira mwana ali kale pa mlanduwu ndipo si wa khonsolo, mpata umene watsala mu umboni uli pati? Yankho lakuti simukugwirizana ndi lipoti silikwanira. Yankho lakuti kauniuni yense anachitika m'chinenero chimene mayi sanachimve mokwanira, kotero kuti palibe amene anaunikadi kaganizidwe kake, ndi lolimba kwambiri, makamaka woimira mwana akaligwirizana nalo. Ngati woweruza akana katswiri watsopano, loya wanu akhale atakonzeratu pempho lachiwiri, lakuti khonsolo ibwereze mbali zina za kauniuniyo womasulira alipo n'kulemba lipoti lowonjezera.

Zigamulo za makhoti akuluakulu zili ndi zokuthandizani komanso zokuchenjezani, ndipo sindikufuna kuti mumve mbali imodzi yokha. Mu 2014, pa mlandu wa Re S, Sir James Munby, amene pa nthawiyo anali mkulu wa makhoti a mabanja, anati malire a masabata 26 sayenera kukhala chingwe chomangira chilungamo, ndipo anatchula milandu imene ingafune nthawi yowonjezera, monga pamene pali mbali yokhudza dziko lina, pamene kulumala kwa kholo kukufuna kauniuni wapadera, pamene wachibale woyenera kulera mwana watulukira mochedwa, kapena pamene mbali imodzi yalephera kuchita zimene inayenera kuchita pa mlandu. Koma pa mlandu womwewo anakana pempho la mayi amene ankafuna kauniuni wina. Anatchulanso mafunso atatu amene oweruza ambiri amawagwiritsa ntchito mpaka pano kholo likamapempha nthawi: kodi pali umboni wogwirika wakuti kholo latsimikiza mtima kusintha, kodi pali umboni wakuti lidzapitiriza, ndipo kodi kusinthako kudzachitika pa nthawi imene mwana angathe kudikira? Zaka zingapo m'mbuyo mwake, mu 2005, House of Lords, imene pa nthawiyo inali khoti lalikulu kuposa onse, pa mlandu wa Re G inagamula kuti mphamvu ya khoti pansi pa gawo 38 ndi yolamula kauniuni, osati yolamula khonsolo kulipira chithandizo kapena maphunziro oti kholo lisinthe. Choncho pempho lanu lisamveke ngati mukupempha nthawi yoti muphunzire kulera. Limveke kuti khoti lilibe chithunzi choona cha mmene inu mulili.

Mbali inayo ndi yakuti lipoti la social worker si chigamulo. Ndi umboni, ndipo wolilemba akhoza kufunsidwa mafunso m'khoti atalumbira. Khonsolo ndi imene ili ndi udindo wotsimikizira khoti, pansi pa gawo 31 la Children Act 1989, kuti mwana anavulazidwa kwambiri kapena ali pangozi yovulazidwa kwambiri chifukwa cha chisamaliro chimene amalandira. Woweruza Hedley, pa mlandu wa Re L umene unasindikizidwa mu 2007, ananena kuti dziko liyenera kulolera kaleredwe kosiyanasiyana, ngakhale kachilendo kapena kongokwanira pang'ono, chifukwa si ntchito ya boma kupulumutsa ana ku zofooka zonse za makolo awo. Mu 2013 Supreme Court, khoti lalikulu kuposa onse, pa mlandu wa Re B inati mwana angaperekedwe ku banja lina kwamuyaya makolo asakufuna pokhapokha ngati palibe njira ina iliyonse imene ingakwanire, ndipo chaka chomwecho khoti la apilo pa mlandu wa Re B-S linadzudzula malipoti amene safotokoza ubwino ndi kuipa kwa njira iliyonse yotheka. Mfundo zimenezi loya wanu adzazigwiritsa ntchito. Koma dziwani kuti kufunsa mafunso m'khoti kumatha kugwetsa lipoti loipa, osati kumanga lipoti labwino m'malo mwake. Woweruza akhoza kuvomereza kuti kauniuni anali wofooka, n'kuonabe kuti palibe umboni wina woonetsa kuti mwana adzakhala wotetezeka kwa inu. N'chifukwa chake ndikulimbikira za kupempha msanga.

Pali chinthu chimodzi m'kalata yanu chimene chandidetsa nkhawa kuposa nkhani ya womasulira. Mwalemba kuti bambo wa mwanayo "ankangomulanga monga bambo aliyense". Ngati munanenanso mawu amenewo kwa social worker, ndiye kuti mbali ya lipoti imene ikuti simukuzindikira kukula kwa vutolo sinachokere ku vuto la chinenero lokha. Ku England, gawo 58 la Children Act 2004 silola kholo kudziteteza ndi mawu akuti linkalanga mwana ngati chilangocho chamuvulaza thupi, ndipo ku Scotland kuyambira 2020 ndi ku Wales kuyambira 2022 kumenya mwana kwa mtundu uliwonse n'koletsedwa. Wochita kauniuni watsopano, ngakhale atakhala Mmalawi mnzathu wolankhula Chichewa, adzakufunsani funso lomwelo, lakuti munaona chiyani, munachitapo chiyani, ndipo bamboyo akadzagogoda pakhomo usiku mudzatani. Kauniuni wachiwiri akhoza kutuluka woipa ngati woyamba, ndipo zikatero mlandu wanu umalemera kwambiri. Lingalirani mozama za funsoli musanapemphe, ndipo ngati m'dera lanu muli maphunziro a amayi amene anakumana ndi nkhanza za m'banja, yambani panopa osadikira kuti khoti likuuzeni.

Mwatchulanso kuti achibale akusonkha ndalama kuti alembe katswiri wawo amene adzalembe lipoti lokuikirani kumbuyo. Auzeni aleke. Gawo 13 la lamulo la 2014 limaletsa kulemba katswiri pa mlandu wa mwana popanda chilolezo cha khoti, ndipo umboni wopezeka mwa njira imeneyo sulandiridwa pokhapokha khoti litalola mwapadera. Kuonetsa munthu woteroyo mapepala a mlandu kungakuikeninso m'mavuto ena. Zimandivuta kumvetsa kuti achibale omwewo amene ali okonzeka kutaya ndalama pa njira yotsekedwa sanadzipereke kuti aunikidwe ngati olera mwanayo, pamene limenelo ndi thandizo limene khoti limaliwerengera. Mwanenanso kuti mayi anu ku Malawi simunawauze chifukwa cha manyazi. Auzeni lero. Khoti limafuna maina a achibale kumayambiriro kwa mlandu, ndipo limaika tsiku lomaliza lowatchulira. Kuunika agogo amene ali ku Malawi n'kotheka, nthawi zambiri kudzera ku bungwe la Children and Families Across Borders, koma kumatenga miyezi, ndipo dzina lotchulidwa m'sabata ya 24 likhoza kukanidwa chifukwa cha kuchedwa kokha. Kutchula agogo sikutanthauza kuti mwagonja. Khoti limaunika njira zonse nthawi imodzi, ndipo wachibale wovomerezedwa akhoza kupatsidwa mwana pansi pa special guardianship order, lamulo lomupatsa udindo wolera mwanayo mpaka atakula, m'malo moti mwanayo apite kwa anthu achilendo kwamuyaya.

Zotsalazi ndizinena mwachidule. Monga kholo pa mlandu wa mtundu umenewu, loya wanu amalipidwa ndi boma kudzera mu legal aid mosayang'ana ndalama zimene mumapeza, choncho musaope kumuimbira kapena kupempha womasulira pa msonkhano uliwonse, wa kukhoti ngakhale wa ku ofesi yake. Ngati mumavutika kuwerenga kapena kugwira zinthu msanga ngakhale m'Chichewa, muuzeni loya mosabisa, chifukwa pali njira zapadera zounikira makolo otere, monga ParentAssess, ndipo kusagwiritsa ntchito njira yoyenera ndi chifukwa china chotsutsira lipoti. Musaphonye nthawi yokaona mwana wanu ngakhale kamodzi, fikani msanga, ndipo dziwani kuti zonse zimene zimachitika m'chipindacho zimalembedwa. Pemphani zolembazo, chifukwa nthawi zambiri zimaonetsa chikondi chimene lipoti lalikulu silinachitchule. Musasiye kuyankha mafoni a social worker ngakhale mwamukwiyira, ndipo mukamaliza kukambirana naye mutumizireni uthenga waufupi wobwereza zimene mwagwirizana. Musalembe za mlanduwu pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp a kumpingo, chifukwa milandu ya ana ndi yachinsinsi ndipo kuulula kungakhale kunyoza khoti. Ngati apolisi akufufuzabe za zipsera za mwanayo, funsani loya musanalembe chikalata chilichonse cha umboni. Ngati mwanayo ndi nzika ya Malawi, funsani ngati ofesi ya kazembe wa Malawi ku London inadziwitsidwa za mlanduwu, chifukwa makhoti ananena pa mlandu wa Re E mu 2014 kuti kutero ndiye kachitidwe koyenera, ngakhale kuti kazembe sangasinthe chigamulo.

Pempho lanu likakanidwa, pemphani kuti woweruza apereke zifukwa zake momveka ndipo loya wanu azilembe. Nthawi yochitira apilo pa chigamulo chokhudza kayendetsedwe ka mlandu ikhoza kukhala yochepa mpaka masiku 7, malinga ndi woweruza amene anagamula, ndipo makhoti a apilo salowerera msanga pa zigamulo zotere pokhapokha zitaonekeratu kuti n'zolakwika. Sindinaone mapepala a mlandu wanu, choncho loya amene ali nawo ndiye angakuuzeni ngati apilo ili ndi mutu. Mufunseni funso limeneli tsiku lomwelo, musanatuluke m'nyumba ya khoti.